BWALO LALIKURU NDI MUNTHU WOTHAWA KWAO

Omvera ambiri a mu Lusaka akumbukirabe tsiku Lolemba la pa 18 April 2016. Kuyambira m'mwezi wa March caka cimeneco anthu anali kudzuka m'mawa ndi kupeza mitembo m'makwalala a George, Zingalume ndi Lilanda, yocotsedwa mitima, makutu ndi ziwalo zina. Mantha anagwira makomboni onse, ndipo pamwamba pa manthawo panadza mphekesera yakuti eni ace a tuntemba ocokera ku Rwanda ndiwo anali kupha anthu kuti akhwimire malonda ao. Panalibe munthu ndi mmodzi yemwe amene anaonetsa umboni. Komabe pa tsiku limenelo makamu a anthu anathyola zitseko za masitolo ku Zingalume ndi ku George, ndipo cipolowe cinafalikira ku Matero, Kanyama, Chawama ndi makomboni ena. Masitolo oposa 60 anafunkhidwa, anthu oposa 250 anamangidwa, ndipo ku Kanyama anthu awiri anatenthedwa amoyo. Atawazindikira, anapezeka kuti onse awiri anali a m'dziko lomwe lino. Alendo mazana angapo anathawira ku chalichi ca St Ignatius, nagona pansi pamodzi ndi ana ao. Mwezi wotsatira apolisi anagwira anthu anai pa mlandu wa mitembo ija, pakati pao asilikari awiri ndi sing'anga mmodzi, ndipo mwa anaiwo munalibe munthu wa ku Rwanda.

M'masiku amenewo funso limodzi linamveka m'mabasi, m'misika ndi pa mowa: "Nanga anthu awa akhaliranji kuno? Kodi nkhondo ya kwao siinathe kale?" Funsolo linafunsidwa ndi miyala m'manja, koma pa lokha siliri loipa, ndipo lamulo la dziko liri nalo yankho lace. Alipo akuru a Boma amene anapatsidwa nchito ya kumva nkhani ya mlendo ali yense wonena kuti wathawa kwao, ndi kugamula ngati akhale kapena acoke. Pamwamba pa akuruwo pali Bwalo Lalikuru, limene lingathe kuyang'ananso m'mene iwo anagwirira nchito yao. Mphamvu imeneyi ya Bwalo maloya aicha judicial review m'Cingerezi. Ndi khomo lopapatiza, ndipo ambiri sadziwa kuti liripo. Koma munthu amene wauzidwa kuti abwerere kumene abale ace anaphedwa cifukwa ca mtundu wao, kawirikawiri alibe khomo lina.

Wothawa kwao ndani?

Si mlendo ali yense amene lamulo limucha wothawa kwao. Mchona amene anacoka ku Malawi kudzafuna nchito ku migodi ya Nkana kapena ya Luanshya ndi mlendo ndithu, koma atafuna angakwere basi mawa, nakafika kwao, abale ace namphera nkhuku. Wothawa kwao ndiye amene sangathe kutero. Pangano la ku Geneva la 1951, limene Zambia analowamo mu 1969, linena kuti ndi munthu amene ali kunja kwa dziko lace, wokhala ndi mantha omveka akuti akabwerera adzazunzidwa, ndipo cifukwa ca kuzunzidwako cikhale cimodzi ca zisanu izi: mtundu wace, cipembedzo cace, dziko la makolo ace, gulu la anthu limene iye alimo, kapena maganizo ace pa ndale. Maiko a mu Africa, atasonkhana ku Addis Ababa mu 1969, anaonjezerapo othawa nkhondo ndi cisokonezo cacikuru, ngakhale palibe amene anawalondola pa dzina. Mtima wa mapangano onse awiri ndi lamulo limodzi, lakuti munthu wotere asabwezedwe ku dziko kumene moyo wace kapena ufulu wace uli pangozi.

Zambia anayamba kale kulandira anthu otere. Msasa wa Mayukwayukwa ku Kaoma unatsegulidwa mu 1966, wa Meheba pafupi ndi Solwezi mu 1971, ndipo anthu a ku Petauke akumbukira Ukwimi, kumene anzao a ku Mozambique anakhala ndi kulima kufikira nkhondo ya Renamo itatha. Lamulo lakale la 1970 linali la kuweta alendowo m'misasa. Nduna inali kungolengeza kuti gulu lakuti-lakuti ndi othawa kwao, ndipo silinanene kanthu za m'mene nkhani ya munthu mmodzi payekha iyenera kumvedwera. Lamulo latsopano la 2017 ndilo linaika m'buku la malamulo a dziko tanthauzo lija la mapangano, ndi kuletsa kubweza munthu ku ngozi.

Kuzunzidwa cifukwa ca mtundu anthu a ku migodi akudziwa pafupi, pakuti kunacitika tsidya lomwelo la malire. Mu 1992 ndi 1993, ku Likasi ndi ku Kolwezi m'dziko la Katanga, Aluba ocokera ku Kasai anapitikitsidwa m'nyumba zao ndi pa nchito zao za ku Gécamines, ambiri a iwo obadwira komweko. Anthu zikwi zambiri anaunjikana pa masiteshoni a sitima miyezi yambiri, ndipo ambiri anafa ndi matenda asanakwere. Munthu sanafunsidwe cimene anacita. Anafunsidwa kumene agogo ace anacokera.

Nkhani ya ku Rwanda iri yobvuta koposa. Mhutu ndi Mtutsi alankhula cinenero cimodzi, apemphera m'chalichi cimodzi, akhala pa phiri limodzi, ndipo akwatirana. Siziri monga Mcewa ndi Mbemba, amene munthu awazindikira akangoyasamula pakamwa. Abelgium ndiwo analemba mtundu wa munthu pa citupa cace m'zaka za m'ma 1930. Mu 1959 Atutsi ambiri anathawa nyumba zao zitatenthedwa. Pa 6 April 1994 ndege ya Pulezidenti Habyarimana inagwetsedwa ku Kigali, ndipo m'masiku ngati 100 anthu okwana pafupifupi 800,000 anaphedwa, ocuruka a iwo Atutsi, pamodzi ndi Ahutu amene anakana kupha anzao. Citupa cija ndico cinali kuonetsa wophedwa pa mipiringidzo ya m'miseu. Boma lakupha litagonja mu July, Ahutu ngati 2 miliyoni anaoloka malire, akupha ndi osalakwa pamodzi. Kumapeto kwa 1996 misasa yao ya ku Goma ndi Bukavu inathiridwa nkhondo. Ambiri anabwerera kwao, koma ena analowa m'nkhalango za Congo ndi kuyenda pansi miyezi yambiri, akuphedwa m'njira, monga ku Tingi-Tingi ndi ku Mbandaka. Mwa otsala a ulendo umenewo muli ena amene anafika ku Meheba, ndipo pambuyo pace m'makomboni a Lusaka.

Njira ya pempho

Munthu akalowa m'dziko, lamulo la 2017 limpatsa masiku 7 kuti akadzionetse kwa Komishinala wa othawa kwao, amene ofesi yace iri pansi pa Nduna ya za m'kati mwa dziko, kapena kwa mkuru wina wololedwa, monga wa ku malire. Afunsidwa mafunso, mau ace alembedwa, ndipo komiti ya akuru a Boma iwerenga nkhani yace ndi kupereka maganizo ace kwa Komishinala. Akabvomerezedwa alandira citupa, ndipo malo ace okhala ndi ku msasa, pokhapokha atapatsidwa cilolezo ca kukhala m'tauni kaamba ka matenda, maphunziro, nchito kapena citetezo. Akakanidwa angathe kudandaula kwa Nduna.

Omvera aone cinthu cimodzi apa. Wofunsa mafunso, komiti, Komishinala ndi Nduna, onsewo ali m'nyumba imodzi ya Boma. Angakhale anthu oona mtima ndi odziwa nchito, komabe ali ndi zinthu zina zoganizira: citetezo ca dziko, cibwenzi ndi Boma la kumene mlendoyo anacokera, ndiponso kudandaula kwa anthu a m'misika amene ayesa kuti alendo awalanda malonda. Cifukwa cace pafunika wina wa kunja kwa nyumbayo, amene salipidwa kuti akondweretse Nduna.

Cimene Bwalo liyang'ana

Pano ndi pamene ambiri asokonezeka. Kumudzi, nyakwawa ikaweruza mlandu wa malire a munda ndipo wina sakhutira, apita kwa mfumu yaikuru, imene imva zonse ciyambire, niitana mboni, ninena yokha mwini wace wa munda. Kumeneko ndi kucita apilo. Kuyang'ananso kwa Bwalo Lalikuru sikuli kotero iai. Kufanana ndi nchito ya woyendera migodi wa Boma. Iyeyu akatsika pansi sagwira fosholo, ndipo sauza kapitao mbali imene mkuwa uli wambiri. Ayang'ana ngati denga lacirikizidwa, ngati mpweya uyenda, ngati wophulitsa miyala ali ndi citupa cace. Akapeza colakwa atseka malowo kufikira atakonza. Momwemonso woweruza safunsa kuti, "Kodi munthu uyu ndi wothawa kwao zoona?" pakuti funso limenelo Nyumba ya Malamulo inalipereka kwa Komishinala ndi Nduna. Iye afunsa kuti, "Kodi akuruwa, pofika pa yankho lao, anayenda m'njira ya lamulo?"

Njira imeneyi Zambia anailandira kucokera ku mabwalo a ku England. Mu 1984 woweruza wa kumeneko, Lord Diplock, anasonkhanitsa zifukwa zace pa mitu itatu, ndipo mu 1995, pa mlandu wa Derrick Chitala wotsutsana ndi Boma pa kakonzedwe ka malamulo akuru a dziko, Bwalo Lapamwamba la Zambia, motsogozedwa ndi Matthew Ngulube, linatsimikiza kuti mitu yomweyo igwira nchito kuno. Chitala mwini wace anagonja, koma mlandu wace ukhala ukuchulidwa ndi maloya kufikira lero.

Mutu woyamba ndi kulakwira lamulo. Ngati mkuru wa Boma akana munthu ponena kuti, "Iwe sunali wa cipani ciri conse, cotero palibe angakuzunze," walakwa, cifukwa lamulo liwerenga mtundu pa wokha ngati cifukwa cokwanira. Walakwanso ngati anena kuti ozunzawo sanali asilikari a Boma koma anansi cabe, osafunsa ngati Boma la kumeneko linali kutha kapena kufuna kuwaletsa anansiwo.

Mutu waciwiri ndi ciweruzo copanda nzeru, cimene munthu woganiza bwino sakanafikapo ataona umboni womwewo. Mutu uwu uli wobvuta kuupambana, pakuti sikukwanira kuti woweruza akanaganiza mwina iye mwini.

Mutu wacitatu ndi kusoweka cilungamo m'kamvedwe ka nkhani, ndipo othawa kwao ambiri agwera pamenepa. Tayerekezani mai wa kantemba ku Chawama, wa atate Mhutu ndi amai Mtutsi, amene aopa mbali zonse ziwiri. Afunsidwa kupyolera mwa womasulira wa Ciswahili, cinenero cimene iye anacitola m'njira, pamene ca kwao ndi Cinyarwanda. Kapena womasulira ndi wa kwao komweko, koma wa mtundu umene iye auopa, ndipo mai uja ameza mau ace. Kapena wofunsa ndi mwamuna, ndipo zimene zinamcitikira m'nkhalango siziri zonena pamaso pa mwamuna. Kapena komiti iri ndi kalata yomneneza imene iye sanaionepo, ndipo sanapatsidwe mpata wa kuyankha. Kapena kalata yomkana iri ndi mizere iwiri yokha, yopanda cifukwa. Pa zonsezi loya angathe kuima pamaso pa woweruza ndi kunena kuti munthuyo sanamvedwe konse, angakhale anakhala pa mpando maora atatu.

Bwalo likakhutira, lifafaniza ciweruzoco ndi cikalata cimene maloya acicha certiorari. Lingathenso kukakamiza mkuru amene wangokhalira pempho osayankha, kapena kuimitsa kupitikitsa munthu kufikira mlandu utatha. Koma kawirikawiri silipereka citupa. Libwezera nkhani kwa eni ace kuti aimvenso bwino, ndipo iwo angathe kumkananso munthuyo, malinga atatsata njira. Ambiri acoka pa Bwalo ali okhumudwa atamva zimenezi, poyesa kuti kupambana ndiko kutha kwa mabvuto.

Kuti Bwalo la ku Zambia litha kuletsa Nduna, kunaoneka poyera pa mlandu wa Roy Clarke. Iye sanali wothawa kwao; anali Mngerezi wokhala m'dziko lino zaka ngati 40, wolemba nthano zoseketsa m'nyuzipepala ya The Post. Pa 1 January 2004 analemba nthano ya nyama za ku Mfuwe, ndipo anthu anaona kuti njobvu yopusa ya m'nthanoyo inali Pulezidenti Levy Mwanawasa. Nduna Ronnie Shikapwasha inalamula kuti acoke m'dziko. Clarke anabisala, maloya ace nathamangira ku Bwalo Lalikuru, ndipo woweruza Philip Musonda anayamba waimitsa lamulolo, pambuyo pace nalifafaniza. Boma linacita apilo. Mu January 2008 Bwalo Lapamwamba, ngakhale silinabvomereze zonse zimene Musonda ananena, linagamula kuti cilango ca kupitikitsa cinali cacikuru kopambana colakwaco. Clarke anakhala. Kunena zoona, iye anali munthu wodziwika, wokhala ndi maloya ndi nyuzipepala kumbuyo kwace. Lamulo limene linamchinjiriza ndi lomwelo la mai wa ku Chawama uja. Cosiyana ndi mtunda wa pakati pa kantemba ndi khomo la Bwalo.

Mantha alibe citupa

Bvuto lalikuru pa mirandu ya mtundu ndi umboni. Wakupha sapatsa munthu kalata yonena cifukwa cace. Wothawa usiku sanyamula mapepala, ndipo ambiri anataya zitupa zao dala, popeza citupaco ndico cikadawaphetsa. Munthu amene anaona zoopsa asokoneza masiku ndi maina a midzi, ndipo wofunsa wosazolowera ayesa kuti anama. Ndiponso lamulo silifunsa za dzulo zokha. Lifunsa za mawa, cimene cidzacitika munthuyo akabwerera, ndipo za mawa palibe mboni.

Tsono muyeso ukhale wotani? Mabwalo a ku England, amene maweruzo ao oweruza a kuno awawerenga ndi kuwalemekeza ngakhale sawamanga, anayankha funsoli mu December 1987, pa mlandu wa Atamil asanu ndi mmodzi a ku Sri Lanka, wodziwika ndi dzina la Sivakumaran. Atamil ndi mtundu wocepa pa cisumbu cimeneco, ndipo anyamata ao anali kugwidwa ndi asilikari pa nthawi ya nkhondo. Oweruza ananena kuti mantha a mumtima pa okha sakwanira, payenera kukhala ngozi yooneka. Koma munthu safunika kutsimikiza kuti adzazunzidwa ndithu, kungoonetsa kuti mpata wa kuzunzidwa ulipo wokwanira kuuopa. Muyeso umenewo uli wopepuka kuposa wa mlandu wa ngongole, ndipo uyenera kutero, pakuti kulakwa pa ngongole kubwezedwa ndi ndalama.

Mapeto a mlanduwo asonyeza kucepa kwa khomo lija. Anyamatawo anagonja, cifukwa Nduna ya ku England inapezeka kuti inatsata njira. Mu February 1988 asanu a iwo anakwezedwa ndege kubwerera ku Sri Lanka, ndipo ena a iwo ananena pambuyo pace kuti anagwidwa ndi kumenyedwa. Mu 1989 woweruza wina, amene anali ndi mphamvu ya kumva nkhani yonse ciyambire, anapeza kuti mantha ao anali oona, ndipo analoledwa kubwerera ku England. Njira inali yolongosoka, koma yankho linali lolakwa.

Caka comweco ca 1987 mlandu wina unatha mwina. Munthu wa ku Uganda, Musisi, anali kuti abwezedwe ku Kenya kumene anadzera, ndipo iye ananena kuti a ku Kenya adzampereka ku Uganda. Oweruza anapeza kuti Nduna siinaganizire bwino umboni wakuti Kenya anabwezapo kale anthu otere, nafafaniza ciweruzo cace. Lord Bridge anaphunzitsa pamenepo kuti pamene moyo wa munthu uli pangozi, Bwalo liyenera kupenyetsetsa kopambana nthawi zonse. Ndiye kuti woyendera uja, akadziwa kuti pansi pa dengalo pali anthu, agogoda mwala uli wonse.

Si onse oyenera cifundo

Palinso mbali yina, imene omvera asaiiwale. Pangano la 1951 licotsa pa citetezo munthu amene pali zifukwa zamphamvu zoganizira kuti anapha anthu osalakwa pa nkhondo kapena anathandiza kupulula mtundu. Nkhani iyi siiri ya kutali. Mu October 1995 apolisi a ku Zambia anagwira Jean-Paul Akayesu, mphunzitsi wakale amene anali mkuru wa dera la Taba ku Rwanda, ndi Georges Rutaganda, mmodzi wa atsogoleri a gulu la Interahamwe. Anatumizidwa ku bwalo la United Nations ku Arusha, ndipo pa 2 September 1998 Akayesu anakhala munthu woyamba kupezedwa wolakwa pa mlandu wa kupulula mtundu pamaso pa bwalo la maiko onse. Analandira ndende ya moyo wonse, ndipo Rutaganda cimodzimodzi.

Cotero Boma licita bwino kusefa. Koma kusefako kuyenera kukhala kwa munthu mmodzi-mmodzi. Kuyesa Mhutu ali yense wakupha cifukwa ali Mhutu ndiko kubwereza maganizo omwewo amene anadzaza mitembo m'machalichi a ku Rwanda, ndipo mkuru wa Boma wogamula motero ciweruzo cace sicingaime pa Bwalo.

Pamene Boma linena kuti ngozi yatha

Citupa ca wothawa kwao siciri ca muyaya. Zinthu zikasintha kwao kotheratu, citetezo cingathe kutha. Kwa a ku Angola cinatha pa 30 June 2012. Kwa a ku Rwanda amene anathawa pakati pa 1959 ndi 31 December 1998, bungwe la UNHCR linalangiza kuti cithe pa 30 June 2013, ndipo Zambia anali mmodzi wa maiko ocepa amene anatsata langizolo. Anthu ngati 4,000 anadzuka m'mawa ali "othawa kwao akale."

Boma la Rwanda linena kuti dziko liri pa mtendere, kuti zitupa sizilembedwanso mtundu, kuti onse ndi Anyarwanda cabe, ndipo ndi zoona kuti anthu ambirimbiri anabwerera nakhazikika. Okana kubwerera ayankha kuti minda yao inatengedwa, kuti mabwalo a m'midzi a gacaca, amene anamva mirandu pafupifupi 2 miliyoni asanatsekedwe mu 2012, anaweruza ena iwo palibe, ndi kuti malamulo oletsa kugawa anthu atseka pakamwa munthu wofuna kulira abale ace ophedwa ku Congo. Apa pali cinthu cozizwitsa: m'dziko limene kuchula mtundu kuli koletsedwa, munthu aonetsa bwanji kuti azunzidwa cifukwa ca mtundu?

Lamulo la maiko lipatsa munthu ali yense mpata wa kupempha kuti iye yekha asakhudzidwe ndi kutha kwa citetezo, ngati ngozi yace ikalipo, kapena ngati zimene anaona zinali zoopsa kotero kuti nkosayenera kumbweza angakhale ngozi itatha. Ku Zambia ambiri anapempha, ndipo ocepa anabvomerezedwa. Boma linalonjeza kuwalola kukhazikika m'dziko lino monga linacitira ndi a ku Angola, koma linafuna pasipoti ya Rwanda poyamba. Pamenepo panali msampha umene anthuwo anauona msanga: munthu wotenga pasipoti ya dziko limene anathawa ayesedwa ndi lamulo kuti wadziikanso m'manja mwa dzikolo, ndipo sangathenso kunena kuti aliopa. Ambiri anakana. Cipolowe ca 2016 cinawapeza ambiri a iwo ali motero, opanda citupa cakale, opanda catsopano. Ana ao obadwira ku Kanyama ndi ku George, olankhula Cinyanja ca mu Lusaka ngati anzao onse, sakhala mbadwa za Zambia mwa kubadwa kokha, pakuti lamulo lifuna kuti kholo limodzi likhale mbadwa.

Pa zigamulo zotere ndi pamene kuyang'ananso kwa Bwalo kukhala ndi nchito. Ngati mapempho mazana ayankhidwa ndi kalata imodzimodzi yongosintha dzina, loya ali ndi pogwira, cifukwa lamulo lifuna kuti nkhani ya munthu ali yense imvedwe pa yokha.

Nthawi ndi ndalama

Kumudzi akuru amati mlandu suola. Pa Bwalo ili uola. Pempho la kuyang'ananso liyenera kuperekedwa msanga, ndipo isanapite miyezi 3 kucokera pa tsiku la ciweruzo; wocedwa ayenera kupereka cifukwa comveka, ndipo woweruza angathe kucikana. Poyamba munthu apempha cilolezo ca kutsegula mlandu, ndi cikalata ca lumbiro cofotokoza zonse, pakuti mirandu yotere iweruzidwa pa mapepala, kawirikawiri popanda mboni kuima. Wogonja angathe kupita ku Bwalo la Apilo, limene linakhazikitsidwa mu 2016, ndipo kucokera kumeneko ku Bwalo Lapamwamba.

Mdani wamkuru wa njira yonseyi ndi liwiro la galimoto ya ku malire. Pa 26 ndi 27 February 1992 Boma la Zambia linapitikitsa anthu 517 a ku maiko a kumadzulo kwa Africa, ponena kuti anali m'dziko popanda cilolezo. Ambiri anali atasungidwa m'ndende miyezi iwiri ndi kuposa. Mlandu unapita ku bungwe la Africa loyang'anira ufulu wa anthu, limene likhala ku Banjul, ndipo mu 1996 linapeza Zambia wolakwa. Silinanene kuti dziko lisacotse alendo osaloledwa. Linanena kuti anthuwo sanapatsidwe mpata weniweni wa kufika pamaso pa woweruza. Amenewa sanali othawa kwao, koma ciphunzitso cace cikhudza othawa kwao koposa onse, pakuti munthu ataoloka malire, cikalata ca Bwalo sicimtsata.

Ndiponso kufika pa Bwalo sindiko kupambana. Ku Malawi, Boma litalamula mu April 2021 kuti othawa kwao onse okhala m'matauni abwerere ku msasa wa Dzaleka ku Dowa, ena a iwo anapita ku Bwalo Lalikuru, ndipo lamulolo linaimitsidwa kwa caka ndi miyezi. Mu August 2022 Bwalo la ku Blantyre linakana pempho lao. Mu May 2023 apolisi ndi asilikari anasesa makomboni a Lilongwe, natsekera amuna, akazi ndi ana m'ndende ya Maula asanawatumize ku Dzaleka. Oweruza amasulira lamulo limene liripo, ndipo lamulo la kumeneko linali la msasa.

Kwa munthu wa ku komboni amene walandira kalata yomkana, zoyamba kucita ziri zazing'ono. Asunge kalatayo pamodzi ndi envulopu yace, nalembe tsiku limene anailandira. Ngati anauzidwa pakamwa cabe, apemphe kuti amlembere, ndi zifukwa zace. Akumbukire cinenero cimene anafunsidwa naco, amene anali m'cipindamo, ndi zimene sanathe kunena. Adandaule kwa Nduna poyamba, pakuti Bwalo silikonda munthu wolumpha makwerero, ndipo asadikire yankho ali manja lende, koma afunefune loya nthawi yomweyo. Wopanda ndalama angayambire ku Legal Aid Board, bungwe la Boma lopereka maloya kwa osauka. Bwalo Lalikuru likhala ku Lusaka, ndiponso ku Ndola, Kitwe, Kabwe, Livingstone ndi Chipata, kotero kuti wokhala ku migodi safunika ulendo wa ku likulu kuti akapereke mapepala ace.